Tifunseni za Maulendo: Tsiku lathunthu wapansi pa boma la Mangochi

Moni nonse okonda tsambali. Mwezi uno mauthenga ambiri amene mwatumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook akukhudza Mangochi, nde ndangoti tiwaike pamodzi, tsamba lonse likhale la m'mbali mwa Shire. Ena ndawadulako pang'ono chifukwa cha malo koma funso lenilenilo sindinalikhudze.

FUNSO: Amalume, ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Ndirande. Holide ikubwerayi ndikufuna nditulukeko mu Blantyre olo tsiku limodzi mutu upumeko, koma ndalama za ma loji a kunyanja aja ndilibe, malipiro athu mukuwadziwa. Anzanga akuti pa boma la Mangochi palibe choona, ndi fumbi ndi njinga basi, bola kungokhala pakhomo. Zoona zimenezi? Mphunzitsi, Ndirande.

YANKHO: Aphunzitsi, anzanuwo sikuti akunama dala ayi, vuto ndi loti Mangochi amaionera pawindo la minibasi. Anthu ambiri akamati tinapita ku Mangochi amatanthauza ku Nkopola, ku Makawa kapena Monkey Bay ndi Cape Maclear uko, pa boma amangoimapo kugula madzi ozizira ndi ma yuniti nkumapitirira. Ine ndikukuuzani mosapsatira mawu kuti pa boma pomwepo pali zokwana tsiku lathunthu, simufunika galimoto kapena boti ya injini, miyendo yanu yomweyo ikwana, bola musakhale ndi phuma.

Kuchoka mu Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, kudzera ku Zomba, Liwonde kenako Ulongwe. Minibasi mukuidziwa, imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, nde musawerengere zoti munyamuka m'mawa nkukaupeza m'mawa womwewo kumeneko. Nyamukani masana a dzulo lake mukagone pa resitihausi yotchipa pa boma pomwepo, zilipo zambiri, ingoonetsetsani kuti m'chipindamo muli neti yosang'ambika komanso fani chifukwa udzudzu ndi kutentha kwa kumeneko sizocheza. Ndalama ya usiku umodziwo musaidandaule, ndi imene ikupatseni chinthu chokoma kuposa zonse pa ulendowu, m'mawa wa pa mlatho.

Dzukani 5 koloko, sambani, tsatani msewu waukulu wopita ku mtsinje, aliyense akulozerani. Mlathowo ndi wa Bakili Muluzi, unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Fikani pakati penipeni muime m'mbali, osatseka njira. Dzuwa limatulukira kutsogolo kwanu ku mapiri a ku Namwera, kumanzere ndi kumene madzi akuchokera ku nyanja, kumanja akulowera ku nyanja ya Malombe. Nthawi imeneyo tawuni yonse imadutsa pamaso panu, njinga zikutsika kuchokera tsidya lija zitasenza nkhuni, matumba a makala, madengu a tomato, wina wamangirira mbuzi pa kaliyala, azimayi ndi mabeseni pamutu akuthamangira malo abwino ku msika, a kabaza akuliza mabelu, ndipo pansi panu mabwato akubwerera. Ndinaonapo mdala wina ali m'bwato lochucha, dzanja limodzi akupalasa ndi nkhafi linali akukapa madzi ndi chigubu chodula pakati, koma bwatolo likuyenda mowongoka bwinobwino, kutsogolo kwake kamnyamata kakupinda ukonde osacheuka nkomwe. Namasupuni amadutsa m'magulumagulu akuyandama, ndipo mukakhala ndi mwayi mumva nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo tsidya lina. Musathamangire kutulutsa foni, yambani mwaona ndi maso kaye.

Inu monga mphunzitsi mwakhala mukulemba pa bolodi kuti Shire ndi mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi, kuti umayenda makilomita pafupifupi 400 nkukathira mu Zambezi ku Mozambique. Eya, poyambira pake ndi kufupi ndi pamenepa, kumpoto pang'ono kwa mlathowu. Madzi akudutsa pansi pa mapazi anuwo ndi omwe akadutse pa Liwonde nkukazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, nde babu la m'nyumba mwanu ku Ndirande likamayaka mudziwe kumene nkhaniyo imayambira. Mukadzabwerera m'kalasi phunziro limeneli mudzaliphunzitsa mosiyana, ndikukutsimikizirani.

Dzuwa likakwera pang'ono bwererani mukamwe tiyi m'katiyirumu kalikonse komwe mwaona a kabaza adzazamo, komwe kuli iwowo tiyi amakhala wotentha ndipo mtengo wake ndi wa anthu wamba. Tiyi wamkaka ndi sikono kapena chinangwa chophika, basi mwakonzeka.

Pafupi ndi mlatho pomwepo, mbali ya tawuni, pali chipilala chachitali cha njerwa chija anthu amangochizungulira pa njinga osachiyang'ana. Chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain yomwe inamwalira mu 1901. Nthawi imeneyo malowa ankatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston amene anali mkulu wa boma la atsamunda. Linga loyamba analimanga mu 1891 tsidya la kum'mawa moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda, chifukwa pamenepa ndi pomwe njira ya malonda a minyanga ndi akapolo inkaolokera mtsinje kupita ku gombe la nyanja ya mchere, ndipo amene wagwira pakamwa pa Shire ndiye kuti wagwira njira yonse yolowera m'nyanja. Patapita zaka zochepa boma linasamukira tsidya lino pomwe lili panopa. Ngakhale David Livingstone pofika ku nyanja mu 1859 anatsata Shire yemweyu. Sindikuuzani kuti mukonde atsamunda ayi, mbiri imeneyi ili ndi zowawa zake zambiri mbali zonse, koma ndi mbiri yathu ndipo yaima pamtetete, yaulere.

Pambali pa chipilalacho pali mfuti yaikulu yamtundu wa Hotchkiss yomwe inali pa sitima yankhondo ya Guendolen. Nkhani yake ana a sukulu amaikonda. Mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Kaputeni Rhoades anatenga Guendolen nkupita ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, nkukaombera sitima ya ma German yotchedwa Hermann von Wissmann ili pamtunda akuikonza, mwini sitimayo asanamve nkomwe kuti kunja kwayamba nkhondo. Nyanja yathu yomweyi inalowa m'mabuku a mbiri ya nkhondoyo chifukwa cha tsiku limenelo. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi chikwangwani chili pafupi pomwepo chokumbukira anthu 145 amene anafa sitima ya Vipya itamira mu Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Florence Bay komwe pano timati Chitimba. Sitimayo inali yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho. Werengani mawuwo modekha, anthu amenewo anali agogo a anthu ena amene tikuyenda nawo lero.

Kuchoka apo, kamtunda kochepa chabe pali Lake Malawi Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe kale inali kalabu ya azungu. Ndi yaing'ono, musayembekezere zazikulu, koma muli zinthu za Guendolen yemwe uja, zipangizo za usodzi, zithunzi zakale ndi zofotokoza za anthu a m'mbali mwa nyanja. Polowa mumalipira kangachepe. Chinsinsi chake ndi kucheza ndi wogwira ntchito amene mwamupeza, mufunseni mafunso, anthu amenewa amadziwa zambiri kuposa zolembedwa pakhoma ndipo amasangalala akaona Mmalawi mnzawo wabwera mwa yekha osati ndi basi ya sukulu. Funsaninso akulozereni manda akale a tawuniyi komwe kuli asilikali a nkhondo yoyamba ija.

Ikamakwana 11 koloko dzuwa la Mangochi limakhala litayamba kuluma, apa musalimbane nalo. Pezani mthunzi wa mtengo, kumbali ya boma yakaleyi mitengo ikuluikulu ilipo, khalani pansi, gulani firizesi ya malambe kapena thobwa, onerani bawo ngati pali madala akusewera. Nkhomaliro idyani nsima kapena mpunga wa chambo m'lesitilanti ya wamba, ngati chambo chadula funsani kampango kapena mcheni, simudandaula. Cha m'ma 3 koloko nde lowani mumsika, yambirani ku nsomba zouma, pitani ku zitenje, ku mikeka ndi zipewa za mlaza, kwa okonza njinga komwe mungaone munthu akuwongola limu ndi maso okha. Mukatopa bwererani ku mtsinje dzuwa likamapendeka mukaone anthu aja munawaona m'mawa akubwerera kwawo njinga zili zopepuka. Ndalama yaikulu pa ulendo wonsewu ndi thiransipoti ndi pogona basi, zinazo ndi zing'onozing'ono.

FUNSO: Zikomo amalume chifukwa cha tsamba lanu. Ine ndikufuna kupita ndi ana anga atatu, wamkulu ali Sitandade 6, komanso mayi anga omwe miyendo imawavuta. Ana akuumirira zosambira mu mtsinje akuti anzawo anawauza kuti madzi ake ndi abwino. Ine mtima suli m'malo. Ndiwalole? Nanga agogo awo akwanitsa kuyenda? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, mtima wanuwo ukukuuzani zoona, musawalole. Apa sindinyengerera. Mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo ng'ona simuiona ikamabwera, imadikira m'mabango ndi pansi pa namasupuni makamaka m'bandakucha ndi madzulo. Mukafika muona ana a komweko akusambira, azimayi akuchapa m'mphepete, nde ana anu anena kuti onani anzathu aja, koma amenewo anabadwira pompo, akudziwa dooko lililonse, ndipo ngakhale iwowo ngozi zimawagwera, funsani aliyense wa kumeneko akuuzani. Mvuu nazo zimatuluka usiku kukadya kumtunda, choncho kukada musayende m'tinjira ta m'mbali mwa madzi.

Chachiwiri ndi likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi odekha momwe muli udzu ndi mabango, timalowa pakhungu mwana akungosewera m'madzi ofika m'mawondo, ndipo zizindikiro zimadzaoneka patapita masabata, mwana kuyamba kukodza magazi muli kale ku Lilongwe mwaiwalako za ulendo. Mankhwala ake alipo ku chipatala, praziquantel, nde ngati mwana wina wakuzembani nkulowa m'madzi musabise, mukawauze adokotala kuti munali ku Mangochi. Koma kupewa kuposa kuchiza. Ngati kusambira kwavuta kukana, sungani kandalama mupite nawo ku gombe la nyanja komwe kuli mchenga woyera ndi anthu oyang'anira, tsiku lina lapadera, inuyo maso ali pa iwo.

Ana asakuvuteni kuti atopa ndi kungoyenda, apatseni ntchito. Wina awerenge mabwato odutsa pansi pa mlatho, wina alembe mayina a nsomba zonse zimene aone mumsika afunse okha kwa ogulitsa, wamkulu uja akopere mawu a pa chikwangwani cha Vipya mu kope lake. Pa mlatho agwireni manja ang'onoang'onowo chifukwa njinga zamoto zimathamanga.

Za agogo, ubwino wa Mangochi ndi woti pa boma mpathyathyathya, palibe zitunda, ndipo chipilala, mfuti, miyuziyamu ndi mlatho zili moyandikana. Pochoka ku depoti atengereni kabaza wa njinga yakapalasa yokhala ndi khushoni yabwino, muuzeni mnyamatayo kuti awa ndi agogo ayende nawo pang'onopang'ono, amamva ndipo amalemekeza akuluakulu. Mtengo gwirizanani asanakwere. Ngati kukwera njinga sangathe pezani takisi iwatule pa chipilala pomwepo, muwapezere pamthunzi ndi botolo la madzi, inu muzizungulira ndi ana nkumabwerera. Ndipo musadabwe mukawapeza apeza kale mnzawo wocheza naye. Kuchokera ku Lilongwe njira yachidule ndi ya ku Dedza kutsikira ku Golomoti, koma ili ndi makhotakhota otsetsereka, ngati agogo kapena ana amachita chizungulire m'galimoto asadye zamafuta ponyamuka ndipo tengani timapepala ta pulasitiki.

FUNSO: Ankolo, ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu tsopano, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinakwatira mkazi wa ku Chipata ku Zambia ndipo Disembala tikubwera kumudzi. Anzanga ambiri kuno ndi a ku Mangochi amangokamba za kwawo nde ndikufuna ndimutengere madam akaoneko. Koma iye akuopa akuti kumeneko ndi kwa Asilamu okhaokha mwina akamunena chifukwa amavala thalauzi, komanso Chiyao sitidziwa tonse. Tithandizeni. Mnyamata wa ku Joni.

YANKHO: Achimwene, auzeni alamu athuwo mtima ukhale pansi. Zoona Mangochi ndi kwa Ayao ndipo ambiri ndi Asilamu, mudzamva azana kuchokera ku mizikiti m'bandakucha, mudzaona abambo ovala mikanjo ndi zisoti, azimayi ofunda kumutu, koma pa boma pamakhala anthu a mitundu yonse, aboma, amalonda, ana a sukulu ochokera m'maboma ena. Akhristu aliponso ambiri, tchalitchi chachikulu cha Katolika cha St Augustine chili pa boma pomwepo ndipo a Anglican ali ku Mpondasi kuyambira kalekale. Anthu amenewa amagulitsana malonda, amakwatirana, amaikana maliro. Chichewa aliyense amamva, ndipo Chinyanja cha ku Chipata chidutsa bwinobwino, mwina angomufunsa kuti kwanu nkuti mlongo, nkhani nkuyambira pomwepo.

Thalauzi si mlandu, atsikana ambiri pa boma amavala. Koma ine ndikanakonda atenge chitenje m'chikwama, mwana wa ku Chipata chitenje sachita kumuphunzitsa. Mukamalowa mumsika wa nsomba, mukaoloka mlatho kupita m'midzi ya tsidya lija kapena mukaitanidwa pakhomo pa munthu, angomanga m'chiuno, ulemu womwe angachite kwa apongozi ku Ntcheu ndi womwewo basi. Inunso achimwene kabudula wamfupi ndi vesiti zisiyeni ku loji.

Zina zofunika kudziwa, Lachisanu masana mashopu ambiri amatseka kwa kanthawi anthu apita ku mzikiti, nde zogula gulani m'mawa. Mu mzikiti musangolowa ngati mukufuna kuona mkati, pemphani kaye kwa akuluakulu a pamenepo, nsapato muvule, ndipo nthawi ya mapemphero apatseni mpata. Ulendo wina mukadzabwera m'mwezi wa Ramadan chakudya mudzachipeza ndithu koma si bwino kumatafuna mumsewu pamaso pa anthu amene akusala, lowani mkati mwa lesitilanti. Mowa uli ndi malo ake, osayenda ndi botolo m'manja. Ndipo chonde nkhani ya zithunzi, ndikudziwa mwabwera ndi foni yabwino ya ku Joni, koma musajambule azimayi akusamba kapena kuchapa ku dooko, musajambule munthu pa malonda ake musanamupemphe. Perekani moni kaye, gulani kenakake, kenako pemphani, ambiri amavomera mosangalala.

Moni wa Chiyao phunzirani umodzi kwa anzanuwo musananyamuke. M'mawa mukati "Ajimwiche uli?" kwa mayi wogulitsa mandasi muona nkhope yake ikumasuka, olo zotsatirazo mubwerere ku Chichewa. Komanso afunseni anzanu a ku Joniwo ngati ali ndi kakatundu kopita kwa makolo awo, anyamata ambiri a ku Mangochi ali kumeneko ndipo makolo amakhala ndi njala ya uthenga wa ana awo. Mukafika pakhomo ndi kaphukusi kochokera kwa mwana wawo ndiye kuti simulinso alendo odutsa, mudya mpunga wa pakhomo ndipo akuyendetsani okha m'malo amene ine sindingathe kukulemberani pano.

Disembala konzekani kutentha ndi mvula, ambulera isasowe. Koma mango mudzawapeza ambirimbiri.

FUNSO: Amalume, pakati pa Liwonde ndi Mangochi ndi pati pabwino kuyenda wapansi? Ndili ndi Loweruka limodzi lokha. Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Mphwanga, poti uli ku Zomba ndipo tsiku ndi limodzi, Liwonde ili pafupi, utha kupita m'mawa nkubwerako madzulo osalipira pogona. Choona chachikulu ndi Kamuzu Barrage yomwe inamangidwa mu 1965 nkudzakonzedwanso zaka zapitazi, ndi pamene amatsegula ndi kutseka zitseko kuti madzi opita ku makina a magetsi kumunsi ayende mwa muyezo. Ukaima chapafupi umaona mphamvu ya Shire ndi maso, ndipo mvuu sizisowa m'madzi a kumeneko. Palinso mlatho wa sitima ya pamtunda yopita ku Nacala. Pa baraji pamakhala achitetezo nde funsa kaye usanajambule. Liwonde National Park ili pafupi, a bungwe la African Parks akuiyang'anira kuyambira 2015, koma m'menemo sungalowe wapansi wekha, muli njovu ndi mikango, ndi ulendo wina wofuna bajeti yake.

Koma ukandifunsa kuti tawuni yokoma kuyendamo ndi miyendo ndi iti, ine ndinena Mangochi. Liwonde ndi yomwazikana, kuchoka ku baraji kupita kumsika ndi ku siteshoni pali kamtunda ndipo uyenda m'mbali mwa msewu wa magalimoto akuluakulu, pomwe ku Mangochi zakale zonse zaunjikana malo amodzi m'mbali mwa madzi. Kuchoka pa Liwonde kukafika ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 75 okha. Loweruka ili pita ku Liwonde, ukadzapeza Loweruka ndi Lamulungu limodzi udzapitirire.

FUNSO: Ine amalume ulendo watha ndinagula chambo m'mbali mwa msewu pobwerera, wogulitsa analumbira kuti changovuulidwa kumene, koma pofika ku Balaka galimoto yonse inali fungo, tinataya zonse. Ndalama zinandipweteka. Munthu ungadziwe bwanji nsomba yabwino? Bambo wa ku Chilomoni.

YANKHO: Pepani bambo, zimawawa, makamaka poti chambo masiku ano ndi ndalama yeniyeni. Poyamba nthawi yogulira. Nsomba yaiwisi gulani m'mawa mabwato akangofika, ikafika 2 koloko masana nsomba imene yakhala padzuwa la Mangochi kuyambira m'mawa ikumangowazidwa madzi kuti izioneka yonyezimira ndiye kuti yayamba kale ulendo wake. Musamvere malumbiro, igwireni nokha. Maso akhale owala otukuka, osati olowa mkati otuwa. Tsegulani m'mbali mwa mutu momwe imapumira, mukhale mofiira bwino, mukakhala motuwa kapena moterera isiyeni. Dinani ndi chala pamsana, mnofu ubwerere msanga, chala chikasiya dzenje ndiye kuti yagona. Mimba isakhale yotupa kapena yofewa, mamba asamasupuke okha. Ndipo inunkhizeni, musachite manyazi, mukugula ndi ndalama zanu. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi zimenezi, amene akukuthamangitsani kuti bwana tengani msanga galimoto ikupita ndi amene muyenera kumukayikira.

Mukagula, pemphani akutumbulireni pompo achotse zam'mimba, ndi zimene zimayamba kuola. Anyamata a mipeni amakhala pomwepo, mumangowapatsa kangachepe. Kenako mu kula bokosi ndi ayisi, ayisi amagulitsa pa boma, ndipo ngati mulibe bokosi ngakhale ndowa yokhala ndi chivindikiro imathandiza. Zija timachita zomangirira nsomba pa galasi la galimoto kuti izipitidwa mphepo zimathandiza fungo lisalowe mkati koma sizisunga nsomba ulendo wa maola anayi padzuwa, fumbi ndi utsi wa magalimoto zonse zimathera pomwepo. Ngati mukuyenda pa minibasi ine ndingakulangizeni kuti yaiwisi idyereni konko, kunyumba tengerani zowamba ndi zouma, kampango wowamba, utaka, usipa wofutsa, izi zimafika bwino ndipo akunyumba adya sabata yonse. Zowambazo muziyang'anenso, thyolani pang'ono muone ngati mkati mwauma ndipo mulibe tizilombo.

Pali pempho langa limodzi kwa inu ndi onse owerenga. Musagule kasawala, tiana ta chambo tija amagulitsa pamulu motchipa. Chambo chachepa kwambiri ku Malombe ndi kumwera kwa nyanja kuno poyerekeza ndi kale, madala a kumeneko akuuzani okha mmene zinalili, ndipo china chimene chathetsa nsomba ndi makoka a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu amene amakokolola ndi tiana tomwe. Miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka kuti chambo chiswane, nde nthawi imeneyo mukaona mulu wa tinsomba tating'ono dziwani mmene tapezekera. Ife ogula tikamakana, wokokayo adzaona kuti palibe phindu. Ndikudziwa msodzi naye ali ndi ana ofuna kudya, nchifukwa chake ndikuti mugule kwa iye nsomba yokhwima pa mtengo wabwino osamunyenyerera mpaka kumuliritsa.

FUNSO: Mwezi wabwino kupita ndi uti? Ine kutentha sindigwirizana nako, BP imakwera. Mayi wa ku Mzuzu.

YANKHO: Mayi, poti mwazolowera kuzizira kwa ku Mzuzu, Okutobala ndi Novembala musayerekeze, nthawi imeneyo ngakhale eni ake amagona panja pa mkeka. Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, kumakhala kouma, m'mawa kozizirira bwino moti kajuzi kopepuka kamafunika, ndipo mphepo ya mwera imathandiza masana ngakhale imabwera ndi kafumbi. Chakumapeto kwa holide yaikulu ya sukulu, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndi nthawi ya zinamwali, mutha kukumana ndi gulu la manganje mumsewu ng'oma zikulira, azimayi akuvina ana awo akutuluka ku ndagala, mungopatuka m'mbali nkuonerera, kaya kuponyako kandalama ngati mwakondwa. Nyengo ya mvula ndi miyezi yotsatira madzi amakwera, mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri moti nyumba ndi ma loji ena m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje analowa madzi, choncho ngati mukupita cha mu Malichi kapena Epulo imbirani kaye komwe mukagone mumve mmene kulili.

Mankhwala anu a BP akhale m'chikwama cha m'manja osati m'chikwama chachikulu chomwe kondakitala akachiike kumbuyo. Yendani kuyambira m'mawa mpaka 10 koloko, pumulani masana onse, mudzayambirenso 4 koloko. Chipewa, nsapato zofewa zomwe munaziyendera kale, ndi botolo la madzi lomwe muzidzaza pafupipafupi. Ndalama zina ikani mu Mpamba kapena Airtel Money, ma ejenti ali paliponse, koma zosintha zing'onozing'ono zikhale m'manja chifukwa wa kabaza ndi mayi wa thobwa chenji cha ndalama yaikulu chimawavuta m'mawa. Ulendo wochoka ku Mzuzu ndi wautali, muudule pawiri, mugone ku Salima kapena ku Nkhotakota kenako mupitirize mawa lake mutapuma.

Mwezi wamawa tiyankha mafunso amene abwera okhudza Nkhotakota ndi Karonga, amene muli nawo ena tumizani msanga.